Mmene mungaphunzitsire ana za moyo wa anthu a ku Egypt wakale

Mphunzitsi kapena kholo lofuna kufotokozera ana za anthu a ku Egypt wakale lisayambire pa mapiramidi, ngakhale kuti ndiwo amene ana amathamangira kufunsa. Liyambire pa mtsinje wa Nile, chifukwa chakudya, ulamuliro ndi chipembedzo cha anthuwa zinkadalira madzi ake, ndipo mwana amene wamvetsa za mtsinjewo savutika ndi zotsalazo.

Tengani beseni lalikulu, mulidzaze mchenga, mukumbe ngalande pakati pake, ndipo m'mbali mwa ngalandeyo mumatemo dothi lakuda la kudimba. Auzeni ana kuti eni dziko ankatcha chigawo chachondecho Kemet, kutanthauza dziko lakuda, pamene chipululu ankachitcha Deshret, dziko lofiira. Kenako thirani madzi pang'onopang'ono mpaka asefukire. Apa pafunika kusamala, pakuti mwana wa ku Chilobwe kapena ku Soche amene anaona namondwe wa Freddy mu 2023 akamva za madzi osefukira amakumbukira maliro ndi nyumba zogumuka. Mufotokozereni kuti madzi a Nile ankabwera chaka chilichonse kuyambira cha mu Julaye chifukwa cha mvula ya kumapiri a ku Ethiopia, ankakwera mosafulumira, ndipo pophwera ankasiya matope achonde. Chitsanzo chapafupi ndi alimi a ku Chikwawa ndi Nsanje, amene amadzala m'madimba madzi a Shire akabwerera. Kusefukiraku kunatha damu lalikulu la Aswan litamalizidwa mu 1970.

Pabolodi kapena pakatoni jambulani bwalo, muligawe patatu: Akhet, nyengo ya madzi osefukira, Peret, nyengo yodzala, ndi Shemu, nyengo yokolola. Nyengo iliyonse inali ndi miyezi 4 ya masiku 30, ndipo ankawonjezerapo masiku 5 kuti chaka chikwane masiku 365. Ana awerengetsere okha.

Za udindo wa anthu ziphunzitseni kudzera pa nkhokwe. Kwa zaka zambiri anthuwa analibe ndalama zachitsulo, choncho msonkho ndi malipiro zinali tirigu ndi balere, zimene ankapangira buledi ndi mowa, zakudya zawo za tsiku ndi tsiku. Ikani mbale ya chimanga patebulo, ana ambiri akhale alimi, mmodzi mlembi, wina farao. Mlembi ayeze zokolola, alembe, atengeko gawo la mfumu ndi la akachisi, ndipo posachedwa ana aona okha chifukwa chake makolo ankalakalaka mwana wawo ataphunzira kulemba pa mapepala a gumbwa. Mukafika apa, simbani za amisiri a m'mudzi wa Deir el-Medina, amene ankakumba manda a mafumu: m'chaka cha 29 cha ulamuliro wa Ramesses III ananyanyala ntchito chifukwa tirigu wawo anachedwa. Ana a mu Blantyre, amene amamva makolo akudandaula za malipiro ochedwa, nkhaniyi amaigwira msanga. Musaiwale kutchula kuti mkazi ankatha kukhala ndi munda wakewake, kusumira munthu kubwalo ngakhalenso kuthetsa banja, ndi kuti mkazi wina, Hatshepsut, analamulira dzikolo ngati farao. Nyumba, ngakhale za mafumu, zinali za zidina zosakaniza ndi udzu. Miyala ankaisungira akachisi ndi manda.

Chipembedzo chikhale chomalizira, ndipo chipatseni nthawi yokwanira. Anthuwa ankakhulupirira kuti mzimu umafuna thupi lake kuti ukhalebe ndi moyo, n'chifukwa chake ankaumitsa mitembo. Ntchitoyo inkatenga masiku 70: ankachotsa mapapo, chiwindi, chifu ndi matumbo n'kuziika m'mitsuko inayi, thupi n'kulikwirira mu mchere wachilengedwe wotchedwa natron kwa masiku pafupifupi 40, kenako n'kulikulunga m'nsalu. Mtima ankausiya m'thupi. Kuti ana aone ndi maso, gulani kansomba kakang'ono kakuwisi kumsika wa Limbe, mukatumbule, mukakwirire mu mchere wosakaniza ndi soda, ndipo muzikayeza kulemera kwake sabata iliyonse. Chidebecho muchiike pamalo okwera, chifukwa ine mphaka wa pakhomo anandithera phunziroli tsiku lachiwiri lomwe, ndipo ana atamva kuti amphaka ankalemekezedwa chifukwa cha mulungu wamkazi Bastet, anaweruza kuti alibe mlandu.

Funso loti mtima ankausiyiranji lidzakufikitsani pa chiweruzo cha akufa. Pangani sikelo ndi kandodo, chingwe ndi zivindikiro ziwiri, mbali ina muike nthenga ya nkhuku. Anthuwa ankakhulupirira kuti mulungu Anubis ankayeza mtima wa wakufa ndi nthenga ya Maat, mulungu wamkazi woimira choonadi ndi chilungamo, mulungu wina, Thoth, n'kumalemba zotsatira pamaso pa Osiris, mulungu wolamulira akufa. Mtima wolemera ndi zoipa unkadyedwa ndi chilombo chotchedwa Ammit, cha mutu wa ng'ona, chifuwa cha mkango ndi kumbuyo kwa mvuu, pamene wolungama ankapita kudziko la mabango, kumene ankalimabe minda monga ankachitira m'mbali mwa Nile. Olemera ankaikidwa m'manda pamodzi ndi tizidole totchedwa shabti, toti tikawagwirire ganyu kumeneko.

Ana ena adzafunsa ngati zimenezi zikufanana ndi nsembe zimene makolo athu ankathirira mizimu. Kufananako kulipo, pakuti nawonso ankasiya buledi ndi mowa pamanda, ndiponso ankalembera akufa makalata pa mbale zadothi powapempha thandizo pa matenda ndi milandu. Koma musawauze kuti miyambo yathu inachokera ku Egypt. Aloleni ayerekezere, atchule pamene pakufanana ndi pamene pakusiyana. Mapiramidi muwatchule tsopano, monga manda a mafumu: yaikulu ya Khufu ku Giza inamangidwa zaka zoposa 4,500 zapitazo, ndipo pafupi nayo akatswiri anafukula mudzi wa antchito ake, wokhala ndi nkhokwe ndi malo ophikira buledi.