Momwe mungadziwire mfuti yakale ya usilikali, musanaipale dzimbiri

Kuno ku Tete mfuti zakale zimapezeka kudenga kwa nyumba ya agogo, m'nkhokwe yakugwa, kapena khasu likagunda chitsulo kumunda. Zina n'za Apwitikizi, zina n'za nkhondo ya ufulu yomwe FRELIMO inayambitsanso m'dera lino mu 1968, zina n'za nkhondo yapachiweniweni yomwe inatha mu 1992.

Choyamba, muitenge ngati ili ndi chipolopolo. Ngakhale ya gogodela, onga wake sufa msanga. Musaimenye ndi hamala, musaiwotche kuti chitsulo chimasuke. Ngati yapezeka pansi pamodzi ndi zipolopolo kapena mabomba, isiyeni pomwepo, uzani amfumu ndi apolisi a PRM. Mfuti za G3 ndi AK n'zida zankhondo, munthu wamba sasunga. Za zinazo, kafunseni kupolisi zomwe lamulo la zida, Decreto 8/2007, likunena musanainyamule. Zokwera nayo chapa kapena kudutsa nayo pamalire a Zóbuè, iwalani.

Chachiwiri, apolisi akatsimikiza kuti ilibe kanthu, werengani zolembedwa pachitsulo. Apa m'pomwe ambiri amawonongera. Munthu amaona dzimbiri, n'kutenga sandipepa kapena bulashi ya waya ya pagalaja. Zilembo za mfuti n'zosazama, moti mphindi zochepa chabe chisoti cha mfumu chafufutika, chatsala chitsulo chonyezimira chopanda dzina. Asidi wa batire ndiye woipitsitsa, amadya ndi mtundu wakuda wa kufakitale womwe. M'malo mwake nyowetsani malowo ndi palafini, asiyeni usiku wonse, mawa pukutani ndi kansalu. Dzimbiri louma likokoleni ndi kachidutswa ka kopa, poti kopa ndi wofewa kuposa chitsulo. Bwerezani masiku atatu kapena anayi, osapupuluma. Kenaka pakani choko, pukutani pamwamba, muunikire tochi chammbali, zilembo zidzaoneka zoyera.

Mukaona Steyr 1886 ndi chisoti pamwamba pa L.I., imeneyo ndi Kropatschek ya 8mm, ya nthawi ya Luís I, mfumu ya Apwitikizi. Zipolopolo zake 8 zimandandalikana m'kapaipi pansi pa mpope, n'chifukwa chake ndodo yotsukira ili chammbali kumanzere, osati pansi. Mauser-Vergueiro imalembedwa Espingarda Portugueza 6,5 Mod. 1904, inapangidwa ndi kampani ya DWM ku Berlin, ndipo ili ndi chizindikiro cha mfumu Carlos I. Koma samalani: mu 1939 zambiri anazifupikitsa n'kuzisintha kukhala za 7.92mm, mawu akale aja n'kutsala momwemo. Wokhulupirira zolembedwa zokha amalakwitsa kukula kwa chipolopolo. Poisiyanitsa ndi Mauser ya 1937, onani chogwirira cha bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo mumpope: pa Vergueiro chimadutsa pampata wong'ambika wa pa thupi la mfuti n'kukhala kutsogolo kwake, pa ya 1937 chili kumbuyo.

Mfuti ya SKS imadziwika ndi mpeni wopindikira pansi pa mpope. Nyenyezi yokhala ndi muvi mkati ndi ya ku Tula ku Russia, nambala 26 mkati mwa makona atatu ndi ya ku China. Lee-Enfield ya .303, ya Angelezi, mtundu wa SMLE uli ndi chisoti ndi chaka pa mkombero wachitsulo kumbuyo kwa chowombera.

Chachitatu, yerekezani manambala a pa bolt, pa thupi la mfuti ndi pa thabwa. Akasiyana, ndiye kuti ndi yolumikiza. Alipo anthu amene amabwera monong'ona ndi "mfuti ya mfumu yakuti", mtengo wa meticais wokwera ngati wa ng'ombe, pomwe thabwa lake wasema ndi kalipentala dzana. Wopanda mapepala musagule kwa iye, mlandu udzagwera inu.

Zosunga n'zachidule. Oyilo wa makina osokera pang'ono pachitsulo, thabwa osalipaka vanishi. Osaikulunga m'pulasitiki, nyengo ya mvula ku Angónia imachita thukuta. Ikhale yokhomeredwa, kutali ndi ana ndi chiswe. Kuiwombera ayi, mpope wodyeka mkati umaphulikira kumaso. Jambulani zilembo zonse, lembani m'kope pomwe inapezeka.