Mwalowa kumene koleji? Malangizo oti thupi lisanenepe inu osadziwa

Ndinapatsidwa kapepala ka malangizo a zaumoyo kwa ophunzira a chaka choyamba, kolembedwa m'Chingerezi, kuti ndikaike m'Chinyanja choti anzathu a ku Zambia, makamaka a ku Chipata, Katete, Petauke ndi ku Lusaka, aziwerenga pa foni. Ine ndimakhala kuno ku chigwa cha Shire, ku Chikwawa, ndiye mukaona mawu ena akumveka a kuno musadabwe, chinenero ndi chimodzi chomwecho. Pomwe pali manambala a akatswiri ndasiya momwe analembera, koma malo ena ndawonjezerapo zanga chifukwa kapepalako kanalembedwa ngati wophunzira aliyense ali ndi firiji m'chipinda komanso jimu kuseri kwa hositelo.

Chiyambi chake chikuti: "Ophunzira ambiri amawonjezera kulemera kwa thupi m'chaka chawo choyamba cha maphunziro apamwamba. Izi zimachitika chifukwa cha kusintha kwa kadyedwe, kuchepa kwa ntchito zolimbitsa thupi, kusagona mokwanira, nkhawa komanso kumwa mowa." Ku America nkhaniyi ndi yotchuka, amati mwana amawonjezera mapaundi 15, omwe ndi pafupifupi makilo 7, ngakhale ofufuza amapeza kuti ambiri safika pamenepo, amawonjezera kilo imodzi kapena ziwiri. Vuto ndi loti makilo amenewo nthawi zambiri sachoka, chaka chachiwiri pamabweranso ena.

Pa zifukwa zonsezo chachikulu kwa ana athu ndi kusiya kuyenda. Taganizani mwana wa ku Ngabu kapena Bangula, kapena kwanuko wa ku Mambwe ndi Nyimba. M'mawa watunga madzi ku mjigo, wayenda kapena kupalasa njinga kupita ku sekondale, Loweruka ali ku dimba kapena akutsatira mbuzi ndi ng'ombe padzuwa lomwe mu Okutobala kuno limapitirira madigiri 40. Palibe amene amazitcha masewera olimbitsa thupi zimenezo, koma ndi zomwe zimamaliza nsima yonse yomwe wadya. Ndiye afike ku koleji, kaya ku UNZA, ku CBU ku Kitwe, ku Mulungushi kapena ku Evelyn Hone, madzi ali pa mpopi, kalasi ili pafupi, tsiku lonse ali pampando, madzulo ali pabedi ndi foni, koma mitanda ya nsima ndi yomwe ija ankadya akuchokera ku munda, mwinanso yawonjezereka. Thupi lili ngati nkhokwe, chomwe simunagwiritse ntchito limasunga, ndipo limachisunga ngati mafuta.

Kapepalako kakukamba kwambiri za makalori. Uwu ndi muyezo wa mphamvu yomwe ili m'chakudya, ndipo pa mapaketi mudzaona alemba kcal, kapena kJ womwe ndi muyezo wina wa mphamvu yomweyo. Munthu wamkulu amawerengeredwa pafupifupi makalori 2,000 patsiku, ena kuposerapo malinga ndi thupi ndi ntchito yake. Sindikuuzani kuti muziwerenga makalori a nsima iliyonse, palibe angakwanitse. Chongofunika kudziwa ndi ichi: galamu imodzi ya zokhutitsa monga ufa ndi shuga ili ndi makalori 4, ya zomanga thupi 4, ya mowa 7, ya mafuta 9. Ndiye sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo mukaona momwe ana a m'hositelo amathirira mafuta pokazinga mazira kapena soya pieces, osayeza, kungopendeketsa botolo, mudziwa komwe makilo akuchokera. Mbatata ya kachewere yophika ndi chakudya chabwinobwino, koma ikasanduka tchipisi pa chiwaya yamwa mafuta, kenako pamwamba mayonezi ndi soseji.

Za mbale kapepalako kakuti: "Theka la mbale likhale masamba ndi zipatso, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale zokhutitsa, gawo lotsalalo likhale zomanga thupi." Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsanso magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Kwa ife odya nsima tingonena kuti ndiwo zamasamba zichuluke, nsima ichepeko. Ngati mumadya mitanda itatu yesani iwiri, ndipo mukapeza roller meal, womwe uli pafupi ndi mgaiwa wa kuno, tengani umenewo kusiyana ndi breakfast meal chifukwa uli ndi gaga wambiri ndipo umakhalitsa m'mimba. Chibwabwa, bondwe, kalembula, repu, delele, impwa, zonsezi ndi zotchipa kuposa soseji. Nyemba, kapenta, mazira ophika, nyama apo ndi apo. Zotendera ndi zabwino koma nsinjiro ili ndi mafuta ake, ndiye mukatendera musathirenso mafuta ena. Zipatso kapepalako kanatchula maapozi ndi zina za m'sitolo, ine ndikuti idyani za nyengo yake, mango, magwafa, nthochi, mapapaya, malalanje, ndi masau omwe kuno kuchigwa timawaona ngati wamba koma kumtunda anthu amachita kugula.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi pa zakumwa. Ife kuno tazunguliridwa ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo, shuga timamudziwa, koma munthu wotafuna nzimbe nsagwada zimatopa n'kusiya, pomwe wakumwa botolo satopa. Malangizo a WHO ndi oti shuga wothira asafike pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zonse za tsikulo, zomwe ndi pafupifupi magalamu 50 kapena masipuni ang'onoang'ono 12, ndipo akuti kutsika mpaka magalamu 25, masipuni 6, ndi bwino koposa. Zakumwa zambiri za gasi zimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 10 pa 100 ml iliyonse, ndiye botolo limodzi la 500 ml lamaliza kale gawo lanu la tsiku lonse, musanamwe tiyi. Tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo, yang'anani mzere wa shuga pa 100 ml kenako muchulukitse ndi kukula kwa botololo. Chitani chimodzimodzi ndi maheu a m'sitolo, juwisi wa m'paketi, yogati wotsekemera, makamaka ma energy drink omwe ophunzira amamwa nthawi ya mayeso, omwe ali ndi shuga komanso kafini wambiri wokulepheretsani kugona. Njala siichoka ndi zakumwa zimenezi, mukamaliza mudyanso nsima yanu yonse.

Pali chinanso chomwe olemba kapepalako sakanachidziwa. Mwana wakulira kotentha akakwera kumtunda amazizidwa. Athu a ku Nsanje akakwera Thabwa kupita ku Blantyre kapena Zomba amadandaula zomwezo, ndipo Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, mu Juni ndi Julayi kumazizira ndithu. Ndiye mankhwala a kuzizira amakhala tiyi, kapu ndi kapu, iliyonse masipuni atatu kapena anayi a shuga, ndi buledi wopaka majarini kapena vitumbuwa. Makapu atatu otere mwayandikira kapena mwafika kale pa masipuni 12 aja. Musasiye tiyi, koma chotsani sipuni imodzi sabata ino, ina sabata yamawa, lilime limazolowera. Ndipo gulani juzi yabwino.

Za mchere ndidutsa msanga: osapitirira magalamu 5 patsiku, pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo womwe uli kale mu soseji, ma noodles a m'paketi, tchipisi ta m'mapaketi ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Mchere wambiri umakweza BP ngakhale kwa achinyamata.

"Musadumphe chakudya cha m'mawa. Idyani pa nthawi zokhazikika." Apa kapepalako kakunena zoona koma sikakudziwa momwe ndalama ya wophunzira imayendera. Meal allowance kapena ndalama ya makolo ikalowa, sabata yoyamba ndi nkhuku ndi tchipisi tsiku lililonse, anzanu onse akudyera inu, ikafika sabata yachitatu mukudya kamodzi patsiku, usiku, mbale yodzaza mpaka kulephera kupuma. Kadyedwe kotere ndi koipa mbali zonse ziwiri, m'kalasi mutu sugwira ndipo usiku mumadya mopitirira. Ndalama ikangolowa gulani kaye zosawonongeka msanga, ufa, nyemba, kapenta, mtedza, mpunga, mazira, ndipo yotsalayo muigawe m'masabata. Ngati hositelo yanu imalola kuphika, gwirizanani awiri kapena atatu muziphika limodzi, zimatchipa ndipo masamba amagulika tsiku ndi tsiku osawola. M'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata yophika kapena chinangwa chophika zimakufikitsani masana bwino kuposa mabisiketi. Powerenga usiku musaike paketi yonse patebulo, tapani mtedza wodzaza dzanja limodzi, paketiyo muibweze m'chikwama, botolo la madzi likhale pafupi.

Kugona akuti maola 7 mpaka 9. Munthu akagona pang'ono timadzi ta m'thupi toyambitsa njala timachuluka pomwe touza ubongo kuti wakhuta timachepa, n'chifukwa chake mukachezera kuwerenga kapena pa TikTok mawa lake mumangolakalaka zotsekemera ndi zokazinga. Mowa nawo botolo limodzi la lager lili ndi makalori pafupifupi 150, ndipo palibe amamwa limodzi, kenako pamabwera nyama yowotcha pakati pa usiku, mawa lake kugona tsiku lonse. Za mowa wa m'timabotolo totchipa tija sindikukambanso za kunenepa ayi, umawononga chiwindi ndi maphunziro omwe, usiyeni.

Gawo la masewera likuti: "Munthu wamkulu achite ntchito zolimbitsa thupi zapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena zamphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150, komanso zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata." Zapakatikati ndi zomwe mtima ukugunda mofulumira, mukupuma mwamphamvu koma mukutha kuyankhula, monga kuyenda ndawala. Zamphamvu ndi zomwe simungathe kumaliza chiganizo osapuma, monga kuthamanga kapena mpira. Mphindi 150 ndi mphindi 30 masiku asanu basi. Simukufunika jimu kapena nsapato zodula. Ngati mumakhala ku boarding house kunja kwa kampasi yendani wapansi m'malo mokwera basi kukakhala kowala ndi kotetezeka, kwerani masitepe, chapani zovala nokha, lowani timu ya mpira wamiyendo, wamanja kapena volebo, vinani ku kwaya. Atsikana musathamange nokha mumdima, pezani mnzanu kapena gulu. Ndipo mukakhala mu laibulale muziimirira pakatha ola lililonse.

Kudziyeza kwake kapepalako kakupereka BMI: kulemera kwanu m'makilo, kugawa ndi kutalika kwanu m'mamita kochulukitsidwa ndi iko komwe. Wa makilo 60 wotalika mamita 1.65 BMI yake ndi 22. Yemweyo akafika makilo 70 ili pafupi ndi 26. Kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ndi pabwino, 25 kupita m'mwamba ndi kunenepa kopitirira, 30 kupita m'mwamba ndi kunenepa kwambiri komwe kumabweretsa matenda a shuga ndi BP, pansi pa 18.5 ndi kuwonda kopitirira. Sikelo mukaipeza ku kiliniki ya pa koleji, kamodzi pamwezi n'kokwanira, tsiku lililonse mungodzisowetsa mtendere. Ngati palibe sikelo tengani chingwe, yezani kutalika kwanu, pindani pakati, ndiye muzungulize pamimba chapamwamba pang'ono pa mchombo. Chikalephera kukumana ndiye kuti mafuta a pamimba achuluka, poti pamimba sipayenera kupitirira theka la kutalika kwanu.

Tsopano zomwe kapepalako sikananene n'komwe. Kwathu kuno, ndipo ndikudziwa kwanunso, mwana akabwera ku holide atanenepa agogo ndi azakhali amasangalala, "eee mwana wathu wanenepa, kusukuluko akukusungani bwino", pomwe akabwera wowonda anthu amayamba kunong'onezana kuti akudwala. Amanena mwachikondi ndipo musawayankhe mwano, koma musalole mawu amenewo akhale sikelo yanu. Chifukwa cha zomwezi atsikana ena amagula mapiritsi ndi timadzi tonenepetsa togulitsidwa pamsika ndi pa WhatsApp kuti mahipi atuluke. Ena mwa mankhwala amenewa amakhala a gulu la ma steroid, amatupitsa nkhope, amakweza shuga ndi BP, amafooketsa chitetezo cha thupi. Mbali ina kuli ma tiyi ochepetsa thupi, ambiri amangokutsegulani m'mimba, mumataya madzi osati mafuta. Zonse ziwiri musagule. Musadzisalitsenso chakudya masiku kapena kudzisanzitsa mukadya, ndipo ngati mwayamba kale kutero, kapena mukuona kuti mumadya chifukwa cha nkhawa ndi kusowa kwanu osati njala, kaonaneni ndi namwino kapena mlangizi wa pa koleji, ndi ntchito yawo ndipo amasunga chinsinsi.

Ena amanenepa chifukwa cha mankhwala omwe akumwa. Jekeseni yolera ya miyezi itatu imanenepetsa anthu ena, ma ARV okhala ndi dolutegravir nawonso, komanso mankhwala ena a matenda a maganizo ndi a khunyu. Chonde musasiye kumwa nokha chifukwa siketi yathina, pitani kwa amene anakupatsani mukawauze, akuyezeni BP ndi shuga, ngati n'kotheka kusintha asintha iwowo. Ndipo mukaona mukuwonda musanasinthe kadyedwe, makamaka pali chifuwa chosatha, kutuluka thukuta usiku, kapena ludzu lalikulu ndi kukodza pafupipafupi, musasangalale kuti malangizowa agwira ntchito, pitani ku chipatala sabata yomweyo akakuyezeni TB, shuga ndi HIV.