Kasungidwe ka zikumbutso za kalasi yomaliza maphunziro ku koleji

Musanayambe, pezani katoni yolimba, maenvelopu, pensulo ndi flash disk.

1. Sonkhanitsani zithunzi, mndandanda wa mayina, pulogalamu ya tsiku la graduation ndi makalata.
2. Kuseri kwa chithunzi chilichonse lembani ndi pensulo mayina, malo ndi chaka. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amati tidzakumbukira, koma pakatha zaka 20 nkhope zija sizidziwikanso. Bolopeni ayi, inki imadutsa pepala.
3. Chotsani mastepulo, amachita dzimbiri. Musamate ndi selotepi.
4. Sikanani (scan) zonse, musunge pawiri: pa flash disk ija ndi pena. Zithunzi zodutsa pa WhatsApp zimafooka, funsani zenizenizo.
5. Katoniyo isakhale pansi, chiswe ndi chinyontho sizichedwa.
6. Kaperekeni ku laibulale ya koleji yanu, kapena kafunseni ku National Archives ku Zomba, komwe boma limasunga zolemba zakale, ndipo musayinirane kalata yoperekera.