Mukafika ku Cape Town koyamba, yambani ndi phiri

Ndinatera ku Cape Town Lachiwiri madzulo, mwezi wa Januwale, ndili ndi kope m'chikwama momwe ndinandandalikamo malo 14 oti ndikaone m'masiku 6. Kunali koyamba kudinditsa pasipoti yanga. Achimwene, amene akhala kumeneko zaka zingapo akuperekera zakudya mu lesitilanti, atayang'ana kope lija anagwa nako kuseka. Amvekere: "Achemwali, mukuona ngati mukukazungulira msika wa ku Zomba?" Pa malo 14 aja ndinafikako 8, ndipo pang'ono n'kadabwerera osakwera phiri limene ndinkalilota kuyambira kale.

Choyamba chimene ndingakuuzeni n'chakuti mugawe malo anu pawiri: amene amadalira nyengo ndi amene sasamala za nyengo. Ku Cape Town odalira nyengo ndi awiri akuluakulu, phiri la Table Mountain ndi chilumba cha Robben Island. Awiriwa aikeni kumayambiriro kwa ulendo, osati kumapeto, ndipo musiye tsiku limodzi lopanda chochita chilichonse kuti ngati zakanika mudzayesenso.

Ine ndinachita zosemphana. Lachitatu m'mawa kunja kunayera mbee, phiri likuoneka lonse mpaka pamwamba pake pafulati ngati tebulo. Achimwene anandiuza kuti ndikwere tsiku lomwelo. Ine ndinati phiri silithawa, ndiyambe ndagula nsapato za ana ndi zimene anandituma anzanga a kusukulu kumene ndimaphunzitsa. Lachinayi kunayamba kuomba mphepo ya kummwera chakummawa, imene eni ake amaitchula kuti Cape Doctor. Amene munakhalako kunyanja nthawi ya mwera mukuidziwa mphepo yotere, kungoti iyi imaomba m'chilimwe dzuwa likuswa mtengo. Imakankhira mtambo pamwamba pa phiri, mtambowo n'kumalendewera m'mbali ngati nsalu yoyala patebulo. Mphepo ikakula, kagalimoto koyenda pachingwe kokwezera anthu paphiri (cable car) amakaimitsa. Masiku atatu ndinkangodzuka n'kusuzumira pawindo, phiri lili phee m'bulangete lake.

Choncho m'mawa uliwonse tsegulani webusaiti ya eni cable car, amalembapo ngati akuyenda kapena ayi. Mukaona kuti akuyenda ndipo phiri lili poyera, siyani zonse muzipita. Tikiti gulirani pa intaneti kuti musaime pamzere kawiri, ndipo mulawirire chifukwa ikamakwana 10 koloko mzere umakhala utakhota kale. Kagalimotoka kanayamba kunyamula anthu mu 1929. Amene alipo pano pansi pake pamazungulira pamene mukukwera, ndiye musalimbirane malo a pawindo, mbali zonse muziona ndithu. Ulendo wake ndi wa mphindi zisanu zokha. Tengani juzi ngakhale pansi kukutentha. Phirili ndi lotalika mamita 1,086, kachepechepe poyerekeza ndi Sapitwa wathu wa mamita 3,002, koma limayambira m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ndipo pamwamba pake kamphepo kamalowa m'mafupa. Ofuna kukwera wapansi amadzera njira ya Platteklip Gorge, koma musapite nokha, pezani gulu. Amene mukupita chapakati pa chaka funsiranitu, chifukwa nthawi yachisanu amatseka cable car kwa masabata angapo kuti aikonze.

Za Robben Island, tikiti muguliretu musananyamuke kumudzi, makamaka ngati ulendo wanu ndi wa Disembala kapena Januwale, pamene malo amatha masiku angapo tsikulo lisanafike. Boti limanyamukira ku Nelson Mandela Gateway, padoko la V&A Waterfront, ndipo ulendo wonse, kupita, kuzungulira ndi kubwerera, umadya maola pafupifupi anayi. Musaikenso chinthu china chachikulu tsiku limenelo. Sankhani boti lam'mawa, pakuti mphepo imakonda kukula masana ndipo nyanja ikakwiya maulendo amaimitsidwa. Ngati munadwalapo mu Ilala, imwani mankhwala oletsa mseru musanakwere. Mafunde a kumeneko si a ku Nkhata Bay.

Pachilumbapo amayamba kukuyendetsani pabasi. Mumaona nyumba imene anasungamo payekha Robert Sobukwe, mtsogoleri wa chipani cholimbana ndi tsankho cha PAC, ndi mgodi wa laimu kumene akaidi ankaphwanya miyala, kuwala kwake n'kuwononga maso a Nelson Mandela. Kenako mumalowa m'ndende momwe, ndipo kawirikawiri wokuonetsani amakhala munthu amene anamangidwako. Mandela anakhala kumeneko zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, kuchokera mu 1964 mpaka 1982. Kachipinda kake ndinakayang'ana kudzera m'zitsulo: mphasa ndi mabulangete pansi, katebulo, mbale ndi kapu zachitsulo, ndi chidebe chofiira. Khitchini yanga ya ku Chinamwali ndi yaikulu. Gulu lathu linali la anthu olongolola m'boti, koma pamenepo aliyense anangoti zii.

Mukathana ndi awiriwa, otsalawo asonkhanitseni potengera mbali imene ali. Apa ndi pamene kope langa linandinamiza, chifukwa ndinalemba malo monga ankandibwerera m'mutu, osayang'ana mapu. Tsegulani Google Maps muli kunyumba, muike chizindikiro pamalo aliwonse, muone amene ayandikana.

Mkati mwa tauni ndi tsiku limodzi loyenda wapansi, ndipo ili ndi tsiku labwino kulisungira nthawi imene phiri labisala. Yambirani ku Company's Garden, munda umene Adatchi anayamba mu 1652 kuti azilimamo ndiwo zamasamba za oyenda pa sitima zapamadzi. Pafupi pomwepo pali Slave Lodge, nyumba imene ankasungiramo akapolo, ena mwa iwo ochokera ku Mozambique ndi Madagascar. Pitani ku City Hall mukaone khonde limene Mandela analankhulirapo pa 11 Febuluwale 1990 atangotuluka m'ndende, kenako ku District Six Museum. Dera la District Six boma la tsankho linalengeza mu 1966 kuti ndi la azungu okha, anthu oposa 60,000 n'kusamutsidwa, nyumba zawo n'kugwetsedwa. Pansi m'nyumbamo anayala mapu aakulu a misewu yakale, ndipo amene ankakhalako analembapo ndi manja awo mayina a mabanja awo pamene panali nyumba zawo. Ndinakhalamo ola ndi theka pamene ndinkaganiza kuti ndingodutsa. Malizirani ku Bo-Kaap, kwa nyumba zopaka utoto wowala zija mumaziona pa Facebook. Kumbukirani kuti mumakhala anthu, musakwere pakhonde la eni kukajambulitsa osapempha. Malo ena otere satsegula Lamulungu, ndiye onani maola ake musanaike tsiku.

Tsiku lina ndi la kummwera: Muizenberg, Kalk Bay, Simon's Town mpaka Cape Point. Mabasi a MyCiTi safika ku Cape Point, ndiye pamafunika galimoto. Ife tinasonkherana ndalama ya mafuta ndi banja lina la ku Mzimba limene achimwene amapemphera nalo. Pasipoti musaisiye kunyumba tsiku limeneli. Ku Boulders Beach, kumene kuli mbalame za penguin, ndi pachipata cholowera ku Cape Point, nzika za mayiko a SADC zimalipira mtengo wotsika kuposa alendo ochokera kutali, koma amafuna aone pasipoti. Mayi wa m'banja lija anaiwala yake, mtima unamupweteka tsiku lonse. Anyani a ku Cape Point ndi akuba kuposa a ku Zomba Plateau, amatsegula ngakhale chitseko cha galimoto, ndiye zakudya muzibise. Ndipo musadzabwere n'kumauza anthu kuti munafika pothera pa Africa. Nsonga ya kummwera kwenikweni ndi Cape Agulhas, kutali ndithu chakummawa. Pobwerera imani ku Kalk Bay mudye nsomba ndi tchipisi padoko. Ngati mukufuna kusambira, yesani ku Muizenberg. Madzi a ku Camps Bay ndinangoviikamo phazi n'kulichotsa msangamsanga, ngati ochokera mufiriji.

Pali nkhani ina imene timachita nayo manyazi kuikamba. Wachibale amene mukufikira kwake ali pantchito. Achimwene ankachoka 9 koloko m'mawa n'kubwera pakati pa usiku, tsiku lopuma limodzi pa sabata. Muwafunse msanga tsiku lawo lopuma, muliike pa ulendo wofuna galimoto uja, masiku enawo mukonzeke kuyenda nokha. Musadabwenso mukamva kuti iwowo sanakwerepo phirilo. Achimwene anakwera koyamba ndi ine, tikiti ndinawagulira. Mufunsenso kumene amakhala kwenikweni, pakuti ambiri athu amakhala kutali ndi tauni ndipo kupita ndi kubwera kungakudyereni maola awiri patsiku. M'mabasi a MyCiTi salandira ndalama pamanja, mumagula khadi la myconnect n'kuthiramo ndalama. Kukada itanani Uber kapena Bolt, foni muisunge m'thumba mukakhala pamsewu.

Zina ndi zazing'ono. Pasipoti ya Malawi imakulolani kukhala masiku 30 popanda viza, koma yang'anani tsiku limene akudindirani. Ma rand pezeranitu kumudzi kuno, kwacha kulibe amene angakusinthireni kumeneko. Soketi zawo zambiri ndi za mabowo atatu ozungulira pamene mapulagi athu ndi a mano amakona, ndiye gulani adaputa tsiku loyamba. Mu lesitilanti musiyireni woperekera 10 peresenti ya bilu, achimwene anandikumbutsa kangapo kuti lendi yawo imachokera pamenepo. Wotchi musasinthe, nthawi ndi imodzimodzi ndi yathu, kungoti mu Januwale dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku, ndiye madzulo mumakhala ndi mpata wokayenda m'mbali mwa nyanja ku Sea Point osalipira kanthu. Nyengo yawo ndi yotembenuka: mvula imagwa kwambiri mu Juni mpaka Ogasiti, pamene kuno kwauma.

Mphepo ija inaleka Lamulungu usiku. Lolemba, tsiku langa lomaliza, tinadzuka 6 koloko, phiri lili poyera. Tinakwera m'gulu lachiwiri. Pamwamba ndinaona Robben Island ili kakang'ono pakati pa madzi, ndi mbira zili gone pamiyala kuwothera dzuwa ngati za ku Mulanje. Achimwene analoza kutali n'kunena kuti nyumba yawo ili chauko, koma ine sindinaione. Tinatsika 11 koloko, ndipo pamene ndinkakwera galimoto yopita kubwalo la ndege mtambo unali utayambanso kuyala nsalu yake.