Manambala 6 a WhatsApp musauze munthu

Sabata yatha mlamu wanga adaberedwa WhatsApp masanasana. Adalandira uthenga wochokera pa nambala ya mnzake wa kutchalitchi woti: "Ndatumiza manambala kwa inu molakwitsa, nditumizireni msanga." Iye poona kuti ndi munthu womudziwa adangotumiza. Posakhalitsa akaunti idamutulutsa, wakubayo n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale m'dzina lake, ati wagonekedwa kuchipatala. Mnzake uja n'kuti naye ataberedwa kale.

Manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa SMS polembetsa nambala yanu aja ndiwo kiyi wa akaunti yanu. Musauze aliyense, ngakhale mayi anu okuberekani.

Lero lomwe lowani pa Settings, kenako Account, mutsegule Two-step verification, chomwe ndi chitetezo chachiwiri cha akaunti yanu. Ikani PIN ya manambala 6, koma isakhale tsiku lanu lobadwa, poti ambirife tidalilemba kale pa Facebook. Muikenso imelo. Pa Linked devices, pomwe pamaoneka zipangizo zolumikizidwa ku akaunti yanu, kompyuta yomwe simukuidziwa ichotseni.

Akakuberani, lembetsaninso nambala yanu pa WhatsApp. Manambala atsopano akangolowa, wakubayo amatulutsidwa. Ngati waikamo PIN yake mudzadikira masiku 7, ndiye imbirani abale msanga asanatumize kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba.