Kujambula Nthano ya Makatuni ndi Manja N'kuifalitsa pa Intaneti

Musanagule pensulo kapena inki, dziwani kaye kuti dzanja lanu lingathe masamba angati pa sabata. Ambiri amalonjeza owerenga masamba atatu, koma miyezi iwiri isanathe atopa ndipo nthano yaima pakati. Jambulani tsamba limodzi lathunthu mukuyang'ana wotchi, kuyambira polemba mawu mpaka poliika mu kompyuta. Ngati ladya maola 8 ndipo inu mumapeza maola 12 pa sabata, mlingo wanu ndi tsamba limodzi basi. Maola otsalawo ndi a matenda ndi kukonza zolakwika. Komanso musatulutse tsamba loyamba musanasunge masamba 8 otheratu m'nkhokwe. Tsiku limene mwadwala, owerenga adzalandirabe tsamba lawo.

Pepala likhale lalikulu kuposa mmene tsambalo lidzaonekere. Mukajambula pa A3, lomwe ndi mamilimita 297 ndi 420, n'kulichepetsa kufika pa A4, chithunzi chimatsika kufika pa 71 peresenti, ndipo kunjenjemera kwa dzanja kumabisika. Vuto lake ndi lakuti masikana ambiri apanyumba amalekera pa A4, choncho mudzasikana kawiri n'kulumikiza mu kompyuta. Ngati zimenezo zikukuchedwetsani, jambulani pa A4 pomwepo. Pepala lolimba losalala lotchedwa Bristol ndilo limagwirizana ndi cholembera cha inki. Pepala wamba la fotokope la 80 gsm (muyezo wa kulemera kwa pepala) limamwa inki, mzere umachita ndevu, ndipo limanyotsoka mukafufuta kawiri. Amene akufuna penti wamadzi atenge la 300 gsm ndi kulimata pathabwa ndi tepi m'mbali zonse, apo ayi limapindika likauma.

Yambani ndi tizithunzi ting'onoting'ono papepala lotaya, tsamba lonse kukula ngati chikhatho. Apa m'pamene mumaona ngati diso likuyenda bwino kuchokera kumanzere kupita kumanja, kuchokera pamwamba kutsika pansi. Woyamba kulankhula aime kumanzere kwa bokosi la chithunzi, kuti michira ya mabaluni a mawu isapingasane.

Mawu alowe chithunzi chisanalowe. Oyamba kumene ambiri amalakwa pomwepa: amajambula nkhope yokongola kudzaza bokosi lonse, kenako mawu asowa pokhala, baluni n'kukaphimba mutu wa munthu. Lembani mawu ndi pensulo, azungulizeni baluni, ndipo malo otsalawo ndiwo a chithunzi. Baluni imodzi ikapitirira mawu 25, igaweni pawiri kapena dulani ena. Ngati mukuganiza zodzasindikiza buku, mawu onse akhale mamilimita 10 kuchokera m'mphepete, ndipo chithunzi chofika kumphepete chipitirire ndi mamilimita 3, poti makina odulira mapepala sadula pamzere weniweni nthawi zonse.

Pensulo yolimba ya 2H kapena yabuluu wowala ndi yabwino pojambula koyamba. Musakanikize, chifukwa pensulo yolimba imasiya kangalande papepala ndipo inki imadzatsata momwemo. Pa inki, gwiritsani ntchito yosasungunuka ndi madzi. Zolembera zitatu za mizere yonenepa mosiyana n'zokwanira: 0.3 ya nkhope ndi zala, 0.5 ya thupi ndi zovala, 0.8 ya mizere ya mabokosi. Cha 0.1 chimanyenga, papepala chimaoneka bwino koma mzere wake umasowa tsamba likachepetsedwa pa foni. Pa tsitsi ndi mithunzi yakuda bii, burashi ya nambala 2 kapena 3 imathamanga kuposa cholembera ndipo mzere wake umakhala ndi moyo, wonenepa apa, wowonda apo. Wa dzanja lamanja ayambire pamwamba kumanzere kutsikira kumanja kuti asapake inki yaiwisi. Ikani kapepala koyera pansi pa dzanja, chifukwa mafuta a pakhungu akalowa m'pepala inki imakana kugwira, imangochita timadontho.

Musafulumire kufufuta pensulo. Mzere wa cholembera upatseni theka la ola, koma pamene mwadzaza inki yambiri ndi burashi ndi bwino pagone mpaka mawa. Inki imauma pamwamba m'kati ikadali yonyowa, labala ikadutsa imaikoka. Mukafufuta, kuda kumazilala pang'ono, ndiye bwerezani pamalo ofunika. Cholakwika chaching'ono chiphimbeni ndi penti woyera wa gouache. Chachikulu, jambulani bokosilo pakapepala kena n'kumata pamwamba, sikana sidzaulula. Zolembera zamitundu za alcohol zimasungunula inki zina, choncho yesani kaye pakachidutswa ka pepala lomwelo.

Posikana, zakuda ndi zoyera zikhale pa 600 dpi (timadontho pa inchi imodzi), zamitundu pa 300 dpi. Ngati munagwiritsa pensulo yabuluu, sikanani ndi mitundu, kenako mu Krita kapena GIMP, mapulogalamu aulere, tengani channel ya buluu yokha, gawo la chithunzi losunga mtundu wa buluu: mizere yabuluu imayera pafupifupi kutheratu, inki n'kutsala. Ndi chida cha Levels yeretsani pepala ndi kudetsa inki, koma pang'onopang'ono. Mukapyola muyezo mizere yowonda imaduka ndipo m'mphepete mwake mumachita mano. Musachotsenso chilichonse chosonyeza kuti panadutsa dzanja la munthu. Pamene burashi inayamba kuuma n'kusiya timizere toyera, pamene mzere unapatuka pang'ono pachigongono cha munthu, zimenezo ndi zomwe owerenga amakuzindikirirani pakati pa zithunzi zambirimbiri zosalala zofanana. Opanda sikana ajambule ndi foni masana pafupi ndi windo, osayatsa flash, foni itayang'anizana ndendende ndi pepala, apo ayi mabokosi amapendekeka.

Fayilo yaikuluyo isungeni ngati TIFF kapena PNG ndipo musaichepetse. Yochepetsa ikhale kope. Pa mawebusaiti ofalitsira makatuni, Webtoon imafuna mapikiselo 800 m'lifupi, Tapas 940, ndipo konseko anthu amawerenga motsetsereka pansi pa foni. Tsamba la buku likaikidwa lathunthu pamenepo mawu sawerengeka. Njira yake ndi kudula mabokosi limodzilimodzi mu kompyuta n'kuwasanja motsika, tsamba loyambirira lili chikhalire podikira buku. Musanatumize, tsegulani pa foni yaing'ono, muigwire patali mmene mumagwirira powerenga. Mukatsinzinira diso kuti muone mawu, akulitseni. JPEG yopanikizidwa kwambiri imasiya litsiro mozungulira zilembo, PNG ilibe zimenezo. Mafayilo akhale m'malo atatu, amodzi mwa iwo kunja kwa nyumba. Mapepala enieniwo lembani deti kumbuyo ndi pensulo, agonekeni chafulati kutali ndi dzuwa ndi chinyontho.

Tsopano za ndalama, pomwe ambiri amataya ntchito yawo. Makampani ofalitsa makatuni amapindula owerenga akamabwera pafupipafupi, ndiye amakweza amene amatulutsa zambiri mofulumira. Wojambula ndi manja ali yekha sangapikisane ndi gulu la anthu ogawana ntchito pa kompyuta, ndipo asayese n'komwe. Nthawi ikachepa, chepetsani zinthu mwadala: siyani mitundu, khalani pa zakuda ndi zoyera kapena onjezani mtundu umodzi wokha, jambulani chipinda chonse m'bokosi loyamba, otsatirawo akhale a nkhope ndi manja. Kuchedwa pang'ono owerenga amakhululuka bola tsiku likhale lodziwika. Khalaninso ndi webusaiti yanuyanu ngakhale yaing'ono, chifukwa malamulo a kampani angasinthe usiku umodzi ndipo owerenga ayenera kudziwa kokupezani.

Pa Patreon kapena Ko-fi, mawebusaiti olandirira ndalama za chithandizo, owerenga amathandiza ndi kangachepe mwezi ndi mwezi. Msampha wake ndi kulonjeza mphatso zambiri. Mukalonjeza aliyense chithunzi chake, nthawi ya nthano imathera pa mphatsozo. Apatseni zomwe zilipo kale: tizithunzi toyamba tija, masamba a pensulo, kapena kuona tsamba sabata imodzi ena asanalione. Munthu akakupatsani ntchito yomujambulira, gwirizanani polemba, alipire theka musanayambe, ndipo nenani kuti kusintha ndi kawiri kokha, kwachitatu n'kolipira. Wonena kuti malipiro anu ndi kutchuka, mukaneni mwaulemu.

Pangano la Berne la mu 1886, loteteza umwini wa zolemba ndi zojambula, limati m'mayiko amene analisaina, umwini wa ntchito umayamba ntchitoyo ikangopangidwa, popanda kulembetsa. Kugulitsa pepala lenilenilo si kugulitsa umwini: wogula amapachika chithunzi kunyumba kwake, koma ufulu wochisindikiza ukadali wanu. Umwini umachoka ndi siginecha. Mu 1938 Jerry Siegel ndi Joe Shuster, omwe anapanga nthano ya makatuni ya Superman, anagulitsa umwini wake pa madola 130, ndipo anatha zaka zambiri m'makhoti osaupezanso. Kampani ikabwera ndi kontirakiti, onani ngati ikupempha chilolezo kapena umwini wonse, kwa zaka zingati, m'zilankhulo ziti, ndiponso ngati ikutenganso ufulu wa buku, filimu ndi katundu wogulitsa. Funsani kuti ufulu ubwerere kwa inu ikasiya kufalitsa nthanoyo, ndipo zilembedwe momwemo. Onaninso ngati muli mawu olola kuti zithunzi zanu ziphunzitsire makina a AI. Musasaine tsiku lomwelo, muonetseni kaye loya.

Masamba akakwana buku, yambani ndi kulandira maoda kuti mudziwe chiwerengero, m'malo modzaza chipinda ndi makatoni osagulika. Buku lomanga ndi mawaya pakati limafuna masamba ogawika ndi 4, monga 24 kapena 32. Kompyuta imaonetsa mitundu ya kuwala ya RGB pomwe makina osindikiza amagwiritsa inki za mitundu inayi za CMYK, choncho buluu ndi girini wowala amazilala papepala. Mizere ndi zilembo zikhale za inki yakuda yokha, 100 peresenti K (K ndiye inki yakuda mu CMYK), chifukwa kuda kosakaniza mitundu inayi kumachita mthunzi makina akaphonya pang'ono. Pemphani kope imodzi yoyesera, muiwerenge yonse ndi pensulo m'manja, muone ngati mawu sanamire pakati pomangira, kenako muwalole asindikize otsalawo.