Mvula ikayamba kuwomba malata: momwe ndimadalirira Mulungu ndili ndi mantha

Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, ine ndinali ku Chilobwe ndi ana anga awiri. Tinapulumuka, koma anzathu ambiri sitinawaonenso. Mpaka lero mvula ikangoyamba kuwomba malata usiku, mtima umandigunda. Zomwe ndikuuzanizi ndi zimene ndimachita ndili m'kati mwa mantha omwewo.

Yambani ndi kumuuza Mulungu zoona. Musakongoletse pemphero. Pa Marko 4, ophunzira anadzutsa Yesu m'ngalawa n'kumufunsa ngati sakusamala kuti iwo akufa. Funso lowawa, koma analifunsa kwa mwini wake, ndipo Iye anadzuka. Ine usiku uja pemphero langa linali mawu awiri okha: "Ambuye, anawa." Ndinabwereza mpaka kunja kunacha.

Sungani pamtima vesi limodzi, nthawi ya mtendere. Magetsi akathima, foni itazima, Baibulo litanyowa, mumatsala ndi zomwe munaloweza. Langa ndi Masalmo 56:3, pomwe Davide akunena kuti tsiku limene adzaopa adzakhulupirira Mulungu. Ndimalikonda chifukwa Davide sakubisa kuti tsiku lotero limafika.

Kenako dzukani muchite chimene chili m'manja mwanu. Apa ndimasiyana ndi abale ena amene amati kuthawa madzi ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Ayi ndithu. Nehemiya, adani atawopseza, anapemphera n'kuikanso alonda usana ndi usiku. Azanyengo akachenjeza pa wailesi, mverani. Ine tsopano ziphaso, mabuku a kuchipatala a ana ndi tochi zimakhala m'jumbo imodzi pafupi ndi chitseko, ndipo ana akudziwa njira yopita kumtunda.

Musakhale nokha. Kumsasa kusukulu komwe tinkagona, mawu opempherera anandithera. Amayi a Mvano ndiwo ankayambitsa nyimbo madzulo, ine n'kumangomvera, misozi ili chuchuchu. Sabata yachiwiri ndi pomwe ndinayamba kuyimba nawo.

Mwana akakufunsani kuti, "Amayi, Mulungu anali kuti?" musathamangire kuyankha. Wanga ndinamuuza kuti chifukwa chake ena anapita ife n'kutsala, limenelo ndi funso lomwe inenso ndimalitula kwa Ambuye. Ndinamufungatira, tinatchula mayina a anzake amene anapita, mmodzimmodzi, kenako tinagona.